Apongozi Atasiya Kundithawa

Zaka zonse zimene ndinakhala pachikamwini kwawo kwa mkazi wanga, kufupi ndi Santhe, iye akadali moyo, nkhope ya apongozi anga aakazi sindinkaidziwa. Ndinkadziwa msana wawo, duku lawo lofiirira, ndi zidendene zong'aluka zikulowa m'udzu. Tikakumana panjira ya kudimba, iwo ankapatukira uku, ine uko, n'kupatsana moni titafulatirana, aliyense akulankhula ndi tchire lake. Akafuna kundiuza kanthu ankaima kuseri kwa nkhokwe n'kuuza mwana wawo mokweza kuti, "Uwauze bambo a m'nyumba muno kuti mbuzi zawo zalowa m'nazale." Ine ndili pakhonde pomwepo, ndamva zonse, koma ndinkadikira kuti mkazi wanga atembenuke andiuze. Iye ankandiuza akudziletsa kuseka, n'kuwonjezerapo zake zimene mayi ake sananene.

Ndi ulemu wa kumeneko: mkamwini ndi apongozi sayang'anizana, sakhala pamphasa imodzi. Ine ndinali nditapita ku koleji, ndinkaphunzitsa sayansi pa sekondale yoyendera, koma mwambowo sunkandilemera. Unali ngati mpanda wa udzu. Umabisa munthu, koma mawu amadutsa.

Mkazi wanga anamwalira mvula ili mkati, fodya atafika m'chiuno. Anali woyembekezera mwana wathu woyamba. Anapita onse awiri. Za tsiku limenelo ndilemba zokhazi.

Kuiwala kwa apongozi kunali kutayamba kale, koma tonse tinkakutcha ukalamba. Ankasiya khasu kumunda n'kubwera kudzalifuna pansi pa nkhokwe. Ankathira mchere kawiri m'ndiwo. Mkazi wanga ankangoti, "Amayi atopa," n'kupitiriza kupeta. Pamaliro analira monga alirira mayi aliyense, ndipo palibe anaganiza kuti maliro amenewo sadzakhazikika mwa iwo.

Patapita masabata angapo, Loweruka lina m'mawa, ndinali m'chigafa ndikusoka fodya. Munda wa fodya wa bale unali wa mkazi wanga, ndipo sindikanatha kuuyang'ana ukuwonongeka. Masamba timawasoka awiriawiri, misana itagundana, kuti mphepo izidutsa pakati, kenako timawapachika pamikangala kuti aume pamthunzi. Dzuwa linkalowa kudzera m'masamba opachikidwa, m'chigafa monse muli kuwala kobiriwira ngati pansi pa madzi. Ndinamva mapazi. Ndinayesa ndi mlamu wanga, mkulu wake wa mkazi wanga, amene ankabwera kudzandithandiza. Munthuyo anadzakhala pansi pambali panga, pafupi moti ndinamva fungo la utsi pansalu yake.

"Mwadzuka bwanji, alangizi?"

Anali apongozi. Ankandiyesa mlangizi wa zaulimi amene wabwera kudzaona fodya. Miyendo yanga inafuna kudzuka kuti ndithawe, koma panali mulu wa masamba pamwamba pake. Ndinayankha moni ndikuyang'ana singano.

"Mwana wanga simunakumane naye panjira? Wapita ku Santhe kukagula feteleza wa kuponi. Walawirira m'mamawa."

Pamenepo ndinadzutsa mutu. Ndinaona mpata wa pakati pa mano akutsogolo. Ndinaona nsidze yakumanzere yokwererapo pang'ono kuposa inzake, ndi mlomo umene umayamba kupendekeka funso lisanatuluke. Inali nkhope ya mkazi wanga itayenda zaka zimene mwini wake sadzayenda.

"Mzere ndi wautali, amayi," ndinatero. Sindinakonzekere, mawuwo anangotuluka.

"Eee, chaka chino ndiye anthu akugona komweko," anatero, n'kutenga singano ina kuyamba kusoka.

Zinali zaka za sabuside. Mvula ikamayandikira, anthu ankamanga makuponi pansonga ya chitenje n'kupita kukandanda pakhomo pogulitsira feteleza, ndipo munthu akanyamuka sankanena kuti abwera liti. Mkazi wanga anapitadi chaka chimenecho. Anabwerako ali mbuu ndi fumbi, atakhala pamwamba pa matumba m'ngolo ya eni, akundinyogodola kuti ine ndi choko changa sindikanapirira padzuwa lija. Kubwerako kwakeko ndi zonse zotsatira zinali zitafufutika mwa mayi ake. Kunatsala kunyamuka kokha.

Poyamba mlamu wanga sanafune bodza. Mayi ake atamufunsa, anawagwira dzanja n'kuwauza zoona. Apongozi anagwa pabwalo n'kubuma maliro, kulira kwa tsiku loyamba, mpaka anthu a m'midzi yoyandikana anathamanga poyesa kuti wina wamwaliranso. Madzulo anatonthola. M'mawa mwake anafunsa ngati mwana wawo wabwerako ku Santhe. Zitachitika kangapo, mlamu wanga anabwera m'chigafa, n'kukhala pamtanda, n'kupukusa mutu.

"Alamu, bodza lanu lija ndilo mankhwala. Anthu ophunzira mumanama mwaukhondo."

Apongozi tinapita nawo kuchipatala cha pa boma. Anawayeza malungo, magazi, shuga ndi zina, osapeza kanthu. Dokotala wake anawafunsa tsiku, mwezi, ndi zimene adya m'mawa. Iwo anamuseka kuti mwana wa ndani wofunsa akulu zinthu zopanda pake. Kenako dokotalayo anandiuza chapansipansi kuti awa ndi matenda a kuiwala amene amagwira ena akamakula, kuti makina oonera m'kati mwa ubongo wa munthu wamoyo kuno kulibe, choncho sangalumbire za mtundu wake, koma kuti mmene tafotokozera zikufanana ndi mtundu umene umapezeka kwambiri. Anatchula liwu limene ndinali nditalisiya m'chipinda cha mayeso ku koleji: amiloidi.

Pobwerera, m'galimoto ya matola, apongozi akuwodzera paphewa la mlamu wanga, phunziro lija linabwerera lonse. Puloteni ndi chingwe chachitali ngati cha mikanda, ndipo sichigwira ntchito chisanapindike m'mapindidwe akeake. Mu ubongo wa munthu aliyense muli kachidutswa kena kamene kamadulidwa ku puloteni yaikulu tsiku ndi tsiku, thupi n'kumakachotsa. Koma nthawi zina tizidutswa timeneti timapindika molakwika, mbali yomata n'kukhala kunja. Kamodzi kakatero kamasanduka chikombole. Kanzake kakagundana nako kamagona momwemo, kenanso pamwamba pake, mpaka papangike ulusi, ulusiwo n'kupotana kukhala timibulu pakati pa maselo a ubongo. Amene anayamba kuona timibulu totere ankayesa ndi sitalichi, choyera chija cha mu ufa wa chinangwa, n'chifukwa chake anatipatsa dzina lochokera kumeneko. Palinso puloteni ina imene imapiringizana m'kati mwa maselo momwemo. Akatswiri sanagwirizanebe ngati chimene chimapha maselo ndi timibulu tija kapena tizidutswa toyandama tisanaundane. Koma amagwirizana kuti zimayamba zaka zambiri munthu asanaiwale kanthu, ndiponso kuti malo oyamba kuwonongeka ndi amene amasunga zatsopano. Zakale zimatsalira, n'kumachoka pambuyo.

Ndinayang'ana panja, minda ya fodya yathyathyathya mpaka kumene maso alekezera, zigafa zili ndandanda ngati ng'ombe zogona. Ndinaganiza kuti tsiku la ukwati wathu, pamene apongozi ankalulutira atandifulatira, zimenezi zinali zitayamba kale kusonkhana mwakachetechete.

Ndinayesa kufotokozera mlamu wanga tikuthyola fodya. Anaima, n'kuyang'ana zikhatho zake zakuda ndi phula.

"Ndiye mukuti m'mutu mwa amayi muli phula la fodya?"

"Si phula. Koma zimamata choncho."

"Sopo wake alipo?"

"Palibe."

"Nanga sukuluyo munapitira chiyani, alamu?" Anaseka, kenako anapukuta m'maso ndi mkono, poti manja anali omata.

Kuyambira pamenepo apongozi ankabwera m'chigafa pafupifupi tsiku lililonse. Ndikaweruka kusukulu ndinkawapeza atakhala kale pamalo awo. Manja awo ankadziwabe singano, koma pang'onopang'ono anayamba kusoka masamba atapindana, mimba zitagundana, othinana kwambiri. Masamba otere samauma. Amamatirirana, n'kuchita thukuta, n'kuda, ndipo kuwolako kumalowa mwa oyandikana nawo. Tinkadikira achoke kuti timasule zimene asoka. Sitinawalande singano.

Ankafunsa za mzere wa ku Santhe, ine n'kumayankha. Ndinkati mwana wawo wafika pafupi ndi khomo. Ndinkati galimoto ya feteleza yachedwa. Ndipo poyankhapo ndinkamuona: ataima padzuwa, dzanja lili m'chiuno, akukangana ndi mayi wina wofuna kulowerera kutsogolo. M'mudzi monse anthu ankatchula mkazi wanga ndi mawu otsika, akuti malemu. M'chigafa mokha ndimo ankatchulidwa ngati munthu amene akhoza kutulukira pakona ya munda nthawi iliyonse, ndi ludzu, n'kufunsa madzi. Ndinkafulumira njinga pochokera kusukulu ngati mmene ndinkachitira chaka choyamba cha ukwati.

Fodya atapita ku okushoni, anandiitana amalume a mkazi wanga, mlongo wawo wamng'ono wa apongozi, amene ankayang'anira mbumba. Anali munthu wofatsa, wokonda kusema mipini. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango.

"Akamwini, mwalira mokwanira. Tikufuna tikusudzuleni."

Kusudzula n'kumasula. Mkazi akamwalira, akwawo amaitana mwamuna pamaso pa abale n'kumuuza kuti alibe naye mangawa, abwerere kwawo, akafuna akakwatire. Ndi chifundo. Koma wosudzulidwa sakhalanso pamudzipo.

"Mukadali mwana," anapitiriza. "Mudziwononga. Komanso anthu ayamba kulankhula. Mkamwini ndi apongozi pamphasa imodzi, mawondo kugundana? Ife tikudziwa kuti alongo athu mutu suli bwino, koma odutsa panjira sadziwa."

Ndinapempha kuti andilole ndilimenso chaka chimodzi. Ndinati nazale ndayamba kale kukonza, ndiponso ana a folomu yomaliza sindingawasiye pakati. Zonsezo zinali zoona. Amalume anapitiriza kupala mpini kwa nthawi, osandiyang'ana.

"Fodya mmodzi," anatero. "Akauma, tidzakhalanso pano."

Ndinkadziwa dongosolo la matendawo. Ndinkadziwa kuti chimene chikusunga mkazi wanga wamoyo m'mutu mwa mayi ake ndi chomwecho chimene chidzamuchotsemo. Sindinkadziwa kuti adzachoka bwanji.

Anachoka chobwerera m'mbuyo. Mvula yoyamba itagwa, tikuwokera mbande, apongozi anasiya kutchula Santhe. Anayamba kuyang'ana njira ya kusukulu ya pulaimale.

"Mwana uyu amachedwa dala," anatero tsiku lina. "Amaima kutola masuku. Yunifolomu yonse madontho okhaokha."

Ndinasiya mbande ndili chowerama. Mkazi wanga ndinakumana naye ali wamkulu kale, akuimba kwaya. Mtsikana wa masukuyu sindinkamudziwa.

"Amakonda masuku?" ndinafunsa.

"Iiih, alangizi, musanene! Amabisa m'chitini cha mabuku. Mabuku onse nyerere."

Nyengo yonse ya mvula imeneyo ndinakhala ndikudziwana ndi mkazi wanga ali mwana. Ndinamva kuti ankaopa nkhukundembo. Ankayankhula ali m'tulo. Anathyoka dzino atagwa m'ngolo, n'kulisunga m'kabokosi ka machesi. Chipsera cha pabondo lake, chimene mwini wake anandiuza kuti anagwa pa njinga, chinali cha mbuzi imene anaikwera ngati bulu. Ndinaseka tsiku limenelo kwa nthawi yoyamba, apongozi n'kuseka nane, mlomo utapendekeka, ndipo ndinachita kutuluka m'chigafa kukaima kumbuyo kwa mizere ya fodya mpaka mpweya utabwerera.

Sizinkayenda mowongoka. Masiku ena ankabwereranso ku Santhe. Masiku ena sankayankhula konse, ankangotsatira ndi maso mthunzi wa mtambo ukuyenda pamwamba pa minda. Masiku ena ankakwiya, kunena kuti mlamu wanga wawabera nsalu imene avala. Tsiku lina masana anasowa. Tinawapeza kutali, m'munda wa esiteti ina, atakhala ndi akazi a matenanti amene anawapatsa madzi n'kuwakhazika pamthunzi. Ankawafunsa mmodzimmodzi ngati aona kamwana kovala diresi lachikasu. Kuchokera tsiku limenelo mlamu wanga anayamba kugona m'nyumba mwa mayi ake, kuwasambitsa ndi kuwaveka. Ntchito yolemera inali yake. Ine yanga inali kukhala nawo pansi n'kumvetsera.

Fodya wachiwiri atayamba kupsa, mtsikana uja anali atasanduka kamwana kophunzira kuyenda. Apongozi ankandichenjeza kuti ndisasiye singano pansi. Ankatambasula manja pafupi ndi moto ngati akutchinga wina. Kenako anayamba kubereka chitenje chopindapinda kumsana, akuyenda pang'onopang'ono pakati pa mikangala, masamba ofiirira akuwakhudza pamapewa, akung'ung'udza nyimbo yopanda mawu.

"Musasokose," ankatero ndikalowa. "Wangogona kumene."

Ndinkavula nsapato n'kuyenda chonyang'ama. M'chigafa munkanunkhira fodya wouma, fungo lotsekemera ngati la uchi wakale. Ndinkakhala pamtanda n'kumawayang'ana akugwedeza thupi uku ndi uku. Sindinganene kuti ndinkaganiza chiyani. Kunja njiwa zinkalira, ana a sukulu ankadutsa pamsewu, ndipo ine ndinkakhala chete kuti mkazi wanga asadzuke.

Mlamu wanga anatipeza choncho tsiku lina. Anaima pakhomo la chigafa ndi ndowa pamutu.

"Inu awiri mwapengera limodzi," ananong'ona. Koma naye anatula ndowa pansi mosamala kuti isalire.

Chisanu chitafika, tikusankha fodya ndi kudinda mabelo, ndinaona kuti chitenje chija chili pansi pa mtanda, nkhuku itagonapo. Apongozi anali atakhala padzuwa panja, akusewera ndi timiyala, kuponya kamodzi m'mwamba n'kutola tina. Ndinadikira masiku angapo kuti afunse okha. Sanafunse. Kenako ndinachita chimene ndinali ndisanachitepo: ndinayamba ine.

"Amayi, mwana wanu ali kuti lero?"

Anandiyang'ana modabwa, kenako anaphimba pakamwa ndi dzanja n'kuseka mwamanyazi.

"Mwana? Ine? Ababa akamva zimenezo akukwapulani. Ine sindinakwatiwe."

Ndinatchula dzina la mkazi wanga. Analibwereza pang'onopang'ono, ngati munthu wolawa chipatso chachilendo.

"Dzina labwino," anatero. "Ndi la kuti?"

Anabwerera ku timiyala tawo. Ine ndinalowa m'chigafa n'kumaliza belo limene tinayamba. Ndinayesanso mawa lake, ndi sabata yotsatira. Ndinatchula masuku, ndinatchula Santhe. Zinali ngati kugogoda panyumba imene eni ake anasamuka. Pamaliro oyamba panali anthu, nyimbo ndi abusa. Apa panalibe woti n'kumuuza, kupatula mlamu wanga, amene anangogwedeza mutu n'kunena kuti naye mayi ake ayamba kumutcha "achemwali".

Sindinadikire kuitanidwa. Fodya atagulitsidwa ndinapita ndekha kwa amalume, n'kukhala pansi, n'kunena kuti ndakonzeka. Amalume anandifunsa:

"Munapeza chimene munkadikira?"

"Chapita," ndinatero.



Amalume anasankha tsiku londisudzula, m'mawa wina m'chilimwe, anthu akuthirira nazale. Kwathu ku Kaluluma kunabwera akulu awiri kudzandilandira. Tinakhala pabwalo, amuna uku, akazi uko. Amalume analankhula mwachidule. Anati ndinabwera bwino, ndakhala bwino, ndinaika mwana wawo m'manda ndi ulemu, ndipo mbumba ilibe nane chifukwa. Anati kuyambira lero ndine womasuka. Akazi anawomba m'manja pang'onopang'ono. Nyumba ndinaisiyira mlamu wanga. Mabuku ndi zovala zinali zitamangidwa kale panjinga.

"Mukakapeza wina, alamu, mudzatiwonetse," anatero mlamu wanga pondigwira dzanja. "Tidzaone ngati amadziwa kuseka nthabwala zanu zosakomazo."

"Mudzanditumizire uthenga zikasintha."

"Zisintha," anatero. "Inu nomwe munanena kuti sopo palibe."

Apongozi anali atakhala pamphasa pafupi ndi khonde, akusenda mbatata yootcha. Mwambo wonse unawadutsa ngati mphepo. Nditapita kukagwada patsogolo pawo kuti nditsanzike, anakoka malaya a amalume, mlongo wawo wamng'ono, amene tsopano ankamuyesa bambo awo.

"Ababa, mlendoyu wadya?"

Amalume anayankha kuti, "Sanadye."

Apongozi anabenthula mbatata ija pakati n'kundipatsa mbali yaikulu. Inali yotentha, yapsa mbali imodzi. Ndinadya nditagwada pomwepo, pamaso pa anthu onse, mpaka kumaliza. Iwo ankadya yawo akuyang'ana nkhuku zimene zinkalimbirana makoko.

"Ndapita, amayi," ndinatero.

"Muyende bwino," anatero, osadzutsa mutu.

Akulu a kwathu anali ataima kale panjira. Ndinagwira njinga n'kuikankha mpaka kumsewu, poti katundu anali wolemera ndipo mchenga unali wambiri.